Rummy yandithera nzeru, mwina alamu akundidyera masuku pamutu

Mbewa_yamanyazi
Anzanga a pagulu pano ndithandizeni. Alamu anga abwera kuchokera ku Joni kudzapuma, ndiye abweretsa makhadi ndi masewera ena ake akuti rummy. Magetsi akangozima madzulo timayatsa kanyale ka sola n'kukhala pamkeka anthu anayi: iwowo, mayi a kunyumba, mnyamata wanga wa Fomu 3, ndi ine. Amene watsala ndi mapointi ambiri ndiye amatsuka mbale. Lero ndi tsiku lachisanu ndikutsuka ine, bambo wa pakhomo, mwana akungondiseka.

Chikundipweteka n'chakuti malamulo ake sindikuwagwira, ndipo ndikafunsa, alamu amangoti "muziona, muphunzira m'kati momwemo." Dzana iwo anayala Q, K ndi A za mitima akuti zatheka. Dzulo ine ndayala K, A ndi 2 akuti ayi n'zosaloledwa. Nanga si A yemweyo? Wina andifotokozere chonde, kuyambira pogawa mpaka powerenga mapointi.

Kadzidzi_265
Kkkkk bambo, masiku asanu? Manja ayera ndithu.

ChitedzeBoy
Mlamu wa ku Joni osamukhulupirira. Anthu amenewa amabwera ndi malamulo awoawo.

MphunzitsiWopuma
Musafulumire kuwaweruza alamuwo. Pa nkhani ya A ija sanakunamizeni, koma ndiyambe kaye pachiyambi.

Paketi imodzi imakhala ndi makhadi 52, mitundu inayi, mtundu uliwonse makhadi 13. Mukakhala awiri aliyense amalandira 10. Mukakhala atatu kapena anayi, ngati mmene mulili kwanuko, aliyense 7. Mukakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi, 6. Otsala mumawavundikira pakati, n'kutembenuza limodzi lapamwamba kuliika pambali. Ndiye pakati pali milu iwiri, wovundikira ndi wa makhadi otayidwa. Kwa inu anayi, 28 apita m'manja, limodzi latembenuzidwa, 23 atsala movundikira.

Nthawi yanu ikakwana mumachita zinthu zitatu motsatana. Choyamba mumatola khadi limodzi, kaya pa mulu wovundikira kaya lapamwamba pa otayidwa aja. Chachiwiri, ngati muli ndi zoyala mumayala. Chachitatu mumataya khadi limodzi. Kutola ndi kutaya n'kokakamiza, kuyala n'kufuna kwanu.

Zoyala zilipo za mitundu iwiri basi. Seti ndi makhadi atatu kapena anayi a nambala imodzi, monga ma 9 atatu. Mndandanda ndi makhadi atatu kapena kuposa apo otsatana manambala koma a mtundu umodzi, monga 4, 5, 6 onse a dayimondi. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa: 4 wa dayimondi, 5 wa mitima ndi 6 wa sipedi si kanthu, ndi zinyalala chabe. Komanso wina akayala kale, inu mutha kuphatikiza lanu pa zakezo. Wayala 4, 5, 6 a dayimondi, inu muli ndi 7 kapena 3 wa dayimondi, muikeni pompo, mwapepukidwa.

Woyamba kumaliza makhadi ake ndiye wapambana. Enanu mumawerenga zotsala m'manja. J, Q ndi K ndi mapointi 10 aliyense, enawo ndi nambala yake yomweyo.

Tsono za A. Pa malamulo akale enieni A ndi 1, amakhala pansi pa 2 basi. Anthu ambiri amagwirizana kuti akhalenso pamwamba pa K, ndiye A, 2, 3 imaloledwa ndipo Q, K, A imaloledwanso. Koma K, A, 2 ndi kuzungulira ngati wotchi, ndipo kumeneko ambiri amakana. A ali ngati chitseko cha kumapeto kwa khonde, mutha kutsekera nacho mbali iyi kapena iyo koma simungachiike pakati.

Mbewa_yamanyazi
Zikomo kwambiri aphunzitsi, mwandimasula. Ndiye kuti pamenepa ndinalakwa ndine. Koma A akanditsalira m'manja alamu amandiwerengera 15. Inu mwati ndi 1.

MphunzitsiWopuma
Akamaloledwa kukhala pamwamba pa K, ambiri amamuwerenga 15 kumene. Khadi lamphamvu liyenera kuluma likakutsalira. Chofunika n'chakuti akawatsalira iwonso aziwerenga 15 yemweyo.

ChitedzeBoy
Apo ndiye ponena ine. Muwayang'anitsitse akamawerenga zawo.

Wa_ku_Pune
Ine ndikuwerenga izi ndikudabwa. Makhadi 7? Kuno ku India komwe ndikuphunzira rummy ndi makhadi 13, ndipo anzanga a m'hostel atamva zoti kuli rummy ya makhadi 7 akhoza kuseka. Timasakaniza mapaketi awiri pamodzi ndi majoka, makhadi otha kulowa m'malo mwa khadi lina lililonse. Palibe zoyala pang'onopang'ono, umasunga zonse m'manja mpaka 13 onse atalowa m'malo, kenako n'kuonetsa kamodzi. Lamulo lalikulu n'lakuti ukhale ndi mindandanda iwiri, ndipo umodzi mwa iwo ukhale wopanda joka. Ukapanda kukhala ndi wopanda jokawo, ngakhale maseti ako akongole bwanji, amakuwerengera makhadi onse, mpaka malire a 80. Ukaonetsa molakwitsa, 80 yomweyo.

Tsiku langa loyamba ndinaonetsa monyadira, maseti atatu ndi mndandanda umodzi wokhala ndi joka pakati. Chipinda chonse phwete kuseka. Ndinagula tiyi wa anthu asanu.

Kadzidzi_265
Ndiye rummy yeniyeni ndi iti, ya aphunzitsi kapena ya mwana wa ku India?

MphunzitsiWopuma
Zonse. Rummy ndi mtundu ngati mmene tinganenere kuti Aphiri, m'katimo muli mabanja ambiri. Ambiri olemba mbiri ya masewera amati kholo lake ndi conquian wa ku Mexico, wa zaka za m'ma 1800, woseweredwa ndi makhadi 40. Gin rummy inayamba ku New York mu 1909, ndi ya anthu awiri, makhadi 10 aliyense. Canasta inachokera ku Montevideo ku Uruguay mu 1939. Palinso rummy 500 yomwe umatha kukolola makhadi angapo pa mulu wa otayidwa. N'chifukwa chake musanagawe muzigwirizana kaye kuti tikusewera iti.

Mai_a_mapasa
Pepani kudula nkhani. Ineyo sindikumvetsa kuti bambo wamkulu akuphunzitsa mwana wa Fomu 3 njuga pakhomo, ife tonse n'kumawombera m'manja. Kwathu makhadi sankalowa m'nyumba. Malume anga anagulitsa njinga ndi matumba a chimanga chifukwa cha timapepala timeneti. Zimayamba ndi kutsuka mbale.

Mlonda_wausiku
Mayi mwanena zoona. Lero mbale, mawa K500, mkuja malipiro onse.

Mbewa_yamanyazi
Mayi, ndikumva nkhawa yanu ndipo sindikuinyoza. Koma pakhomo pano sipayikidwa ngakhale tambala. Magetsi akazima kale aliyense ankangokhala pa foni yake mpaka batire kutha, mnyamatayu n'kuzemba kupita kumavidiyo. Pano amakhala pamkeka ndi ife mpaka 9 koloko.

Nthumbidwa
Vuto ndi chinenero chathuchi. Mawu amodzi omwewo akuti njuga timatchulira makhadi komanso kubetcha, ndiye munthu akangoona makhadi mutu wake wathamangira kundalama. Koma anthu amabetcha pa mpira, kodi tiletse ana kumenya chikulunga? Pa bawo pomwe pali madala ena amaikapo ndalama pansi pa mtengo paja, palibe amati bawo ndi ya satana.

Mai_a_mapasa
Bawo ndi nzeru, achimwene. Makhadi ndi mwayi. Musaphatikize.

Wa_ku_Pune
Mayi, funso lomwelo linafika kukhoti lalikulu la India kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo oweruza anati rummy kwakukulu ndi masewera a luso, chifukwa umayenera kukumbukira makhadi amene adutsa ndi kudziwa losunga ndi lotaya. Koma ndikuvomerezeninso mbali ina. Rummy ya pa foni yoika ndalama inavuta kwambiri kuno, moti mu August 2025 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loletsa masewera a pa intaneti obetcha ndalama. Ndiye nkhawa yanu si yopanda pake. Ine ndimasewera ya tiyi basi.

Mai_a_mapasa
Chabwino, ndamva. Koma kwanga salowa.

Gogo_wa_bawo
Ana inu mwatchula bawo ndiye mwandidzutsa. Amene amadziwa kuwerenga nkhomo m'maenje asanatakate, rummy singamuvute. N'chimodzimodzi, maso pa za mnzako osati pa zako zokha.

Kadzidzi_265
Agogo alowa, nkhani ya bawo sitituluka lero.

ZitheraPano
Tibwerere kwa bambo akutsuka mbalewa, chifukwa malamulo okha sawachotsa pa beseni. A Mbewa, ndiyankheni mafunso awiri. Mukalandira K kapena Q mumatani naye? Ndipo pamkekapo amene amasewera pambuyo panu ndani?

Mbewa_yamanyazi
Ma K ndi ma Q ndimasunga, ndimaona ngati ndi makhadi aulemu. Dzulo ndinatsala ndi K awiri, Q ndi 9, mapointi 39. Pambuyo panga amasewera alamu, amakhala kumanzere kwanga.

ZitheraPano
Basi matenda apezeka, ndipo alipo awiri.

Oyamba ndi ulemu mukuwapatsa mafumuwo. Mu rummy K alibe ufumu uliwonse, ndi katundu wolemera chabe. K atatu ndi ma 2 atatu zikayalidwa n'chimodzimodzi, koma zikakutsalira, ma K awiri ndi 20 pamene ma 2 awiri ndi 4. Ndiye ngati mwazungulira katatu kapena kanayi mnzake wachitatu osabwera, atayeni. Pa makhadi 7 masewera amatha msanga, simungadikire ngati mukudikira minibasi kuti idzaze.

Muphunzire kuwerenga kuti ndi makhadi angati angakupulumutseni. Mukagwira 5 ndi 6 a mitima, makhadi awiri angakuthandizeni, 4 kapena 7 wa mitima. Mukagwira 5 ndi 7 a mitima mukudikira khadi limodzi lokha m'paketi yonse, 6 wa mitima, ndipo mwina ali m'manja mwa mayi a kunyumba akumusunga. Mukagwira ma 7 awiri mukudikira awiri otsalawo. Koma taonani ichi: 6 wa mitima, 7 wa mitima ndi 7 wa sipedi. Makhadi atatu amenewa ali ndi makomo anayi, 5 wa mitima, 8 wa mitima, 7 wa dayimondi ndi 7 wa kalabu. Lililonse mwa anayiwo likabwera mwayala. Zoterezi ndiye zosunga. N'chifukwa chake makhadi apakati, 5, 6, 7, 8, amaposa akumapeto. K ali ndi khomo la mbali imodzi yokha ngati A ali pansi.

Matenda achiwiri ndi aakulu. Chilichonse mukutaya chikugwera m'manja mwa alamu, ndinu mukuwadyetsa. Akatola 8 wa dayimondi pa zotayidwa zanu, mudziwe kuti akumanga ma 8 kapena mndandanda wa dayimondi pafupi ndi 8. Kuyambira pamenepo 8 aliyense, ndi 6, 7, 9, 10 a dayimondi, musataye ngati muli ndi china chotaya. Muonenso zimene iwo akutaya. Ataya J wa sipedi? Ndiye J wina mutha kutaya mtima uli m'malo, kawirikawiri samufuna.

Mbewa_yamanyazi
Mayo ine. Ndiye chifukwa chake amati nthawi zonse "alamu khalani apa pafupi ndi ine." Ine ndimati ndi chikondi.

Kadzidzi_265
Kkkkkk chikondi cha mphaka pa mbewa. Dzina lanulo lakuyenerani.

ChitedzeBoy
Ndinanena ine! Mlamu wa ku Joni!

Nthumbidwa
Ayi ChitedzeBoy, kumeneko si kuba. Munthu waona pofewa wakhalapo. Nawenso ukanatero.

MphunzitsiWopuma
A ZitheraPano afotokoza bwino, koma pa zotaya mafumu msanga ndisiyane nawo pang'ono. Aliyense akadziwa nzeru imeneyo, ma K ndi ma Q amachuluka pa mulu wa otayidwa kumayambiriro. Ndiye munthu amene walandira ma K awiri pogawa, akadekha kuzungulira kuwiri, nthawi zambiri wachitatu amamugwera kuchokera kwa mnzake. Chotaya msanga ndi K amene ali yekha wopanda mnzake. Awiri apatseni mpata pang'ono, mukaona wina wayala kale ndipo watsala ndi makhadi awiri kapena atatu, pamenepo thawani nawoni.

ZitheraPano
N'zimene ndanena aphunzitsi, katatu kapena kanayi.

MphunzitsiWopuma
Mwanenadi. Maso akukalamba.

Dalaivala_wa_Beitbridge
Ife pa boda tikamadikira mapepala a katundu timatha masiku awiri kapena atatu, ndiye makhadi ndi amene amatisunga. Timakumana a Malawi, a Zambia, a Zimbabwe, wina aliyense ndi malamulo akwawo. Ndewu zonse zimene ndaonapo zimachokera pa zinthu zitatu zosagwirizana poyamba: A ali pati, joka alowa kapena ayi, ndipo pomaliza uyenera kutsala ndi khadi lotaya kapena utha kuyala onse n'kuimirira. Chachitatuchi anthu amachiiwala. Tsiku lina mnzathu wina anayala makhadi ake atatu omaliza n'kuyamba kuvina, wina akuti ayi ulibe chotaya, bweza. Anakangana mpaka nsima inapserera pa mbaula. Pano tisanagawe timalemba pa katoni.

China, a Mbewa, makhadi a alamuwo ndi atsopano? Paketi ikakalamba mwini wake amaidziwa kumsana. Joka wathu wina anali ndi dontho la mafuta pakona, tonse tinkamuona ali pa mulu.

Mbewa_yamanyazi
Ndi akale ndithu, ena anapindika makona. Q wa sipedi anamatidwa ndi selotepi.

Dalaivala_wa_Beitbridge
Kagulani atsopano mawa kumsika. Musanene chifukwa, mungoti awa atopa.

Mtsikana_wa_Leeds
Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK, ndipo rummy ndinaphunzira kwa agogo ena a zaka za m'ma 80 amene amaiwala kuti adya kale koma saiwala khadi limene ndataya. Iwo amakonda gin rummy. Kumeneko suyala pakati pa masewera, umasunga, ndipo zotsala zosalowa paliponse zikafika mapointi 10 kapena kucheperapo umagogoda patebulo n'kuonetsa. Koma mnzako akapezeka kuti zotsala zake n'zofanana ndi zako kapena zochepa, wakudula miyendo, mapointi apita kwa iye ndi bonasi pamwamba. Zonse zikalowa osatsala kanthu ndiye gin. Timathamangira mapointi 100.

Chimene anandiphunzitsa chomwe chingakuthandizeni ndi kagwiridwe. Ndinkasanja makhadi anga bwinobwino, ofunika kumanzere, otaya kumanja, ndiye iwo ankangoyang'ana pamene ndalowetsa khadi latsopano n'kudziwa kuti landithandiza kapena ayi. Ndikatola labwino nkhope inkawala. Anandiuza kuti ndizisintha malo a makhadi nthawi ndi nthawi komanso ndizitenga nthawi yofanana ndisanataye, kaya ndatola golide kaya chinyalala.

Kunonso kuli ina ya timatabwa ta manambala yotchedwa Rummikub, timatabwa 106, malamulo ake ndi apachibale. Kwa mayi aja akukana makhadi, mwina imeneyi ingalowe m'nyumba chifukwa sioneka ngati njuga.

Mai_a_mapasa
Mwanditchula. Ngati ndi ya manambala ana n'kumaphunzirapo masamu, tingaione. Mukamabwera mudzanditengere.

Mlonda_wausiku
Mayi mwagwa msanga bwanji, mwandisiya ndekha.

Kadzidzi_265
Funso langa ine, ukatola khadi pa mulu wa otayidwa, utha kulitayanso nthawi yomweyo?

MphunzitsiWopuma
Ayi. Lochokera pa otayidwa sulibweza nthawi yomweyo, utaye lina. Lochokera pa wovundikira utha kulitaya pompo. Ndipo mulu wovundikira ukatha wina asanamalize, mumasiya khadi lapamwamba pa otayidwa, enawo n'kuwavundikira kukhala mulu watsopano. Ena amasakaniza kaye, ena amangotembenuza. Ichinso chilembedwe pa katoni ya a Dalaivala.

Nthumbidwa
Pali chimodzi palibe wanena. Kodi ndi bwino kuyala msanga kapena kubisa? Ine ndimabisa mpaka kumapeto, ndiyale zonse kamodzi, chifukwa pa malamulo ambiri ukamaliza kamodzi choncho anzako amalipira mapointi owirikiza kawiri. Komanso ukayala msanga umawapatsa anzako pophatikiza.

ZitheraPano
Kwa katswiri inde. Kwa bambo amene atsuka mbale masiku asanu ayi. Ayale akangopeza choyala. Kubisa kuja umapezeka wina wamaliza iwe uli ndi maseti awiri okongola m'manja, onse n'kukuwerengera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Cholinga chawo panopa si kupambana, ndi kusakhala womaliza.

Gogo_wa_bawo
Ndiponso asiye kuyang'ana alamu okha. Pa anthu anayiwo sanatiuze kuti amapambana kwambiri ndani.

Mbewa_yamanyazi
Agogo mwandikumbutsa, ndapita kukaona kope limene mnyamatayu amalembamo. Alamu apambana kambiri ndithu, koma amene ali ndi mapointi ochepa kuposa tonse ndi mayi a kunyumba. Sayankhula, amangoyala tiwiri titatu, n'kumaphatikiza pa za anzawo. Sanatsukepo ngakhale kamodzi chiyambireni.

Mai_a_mapasa
Ameneyo ndiye wanzeru. Wapeza njira yopumira ku mbale ndipo inu simunazindikire.

Kadzidzi_265
Mwina masewera onsewa anakonza ndi iwo ndi achimwene awo kkkk.

Mbewa_yamanyazi
Ndabwera ndi lipoti. Dzulo ndinagula paketi yatsopano, ndinalemba malamulo pa chikuto cha kope: A pansi kapena pamwamba koma osazungulira, akatsala ndi 15 kwa aliyense, joka ayi, pomaliza utsale ndi chotaya. Alamu anawerenga n'kuti "mwapita kusukulu eti?" Kenako ndinati tisinthane malo, ndinakhala kumanzere kwawo kuti iwo azinditayira ine. Anayamba kudandaula kuti mbali imeneyo kanyale kakuwathobwa m'maso.

Sindinapambane ngakhale kamodzi, ndisaname. Koma ulendo wachitatu ndinagwira 6 ndi 7 a kalabu ndi 7 wa dayimondi monga ananenera a ZitheraPano, alamu anataya 8 wa kalabu, ndinatola manja akunjenjemera. Q amene anali yekha ndinamutaya koyambirira, mtima ukuwawa. Pamapeto mayi 21, mnyamata 48, ine 55, alamu 73, chifukwa kawiri konse anabisa zoyala n'kugwidwa nazo, ulendo wina ali ndi A m'manja. Ndinawerenga ndekha mokweza, 15.

Anatsuka. Poto wa nsima anamusiya m'madzi akuti alowe kaye, m'mawa uno ndamupeza ali pompo.

ChitedzeBoy
Potoyo musamukhudze. Adzuke amalize.

Dalaivala_wa_Beitbridge
Lembaninso pa kope kuti poto ndi mbale.

Mbewa_yamanyazi
Adzuka, akuti lero tisewere ya makhadi 13 ya majoka, akuti imeneyo ndiye rummy ya akuluakulu. Wa_ku_Pune uli pafupi? Joka uja amasankhidwa bwanji?

Wa_ku_Pune
Ndilipo bambo. Mukagawa mumasolola khadi limodzi pa mulu n'kuliika poyera. Likakhala 4, ma 4 onse asanduka majoka ulendo umenewo, kuwonjezera pa majoka ojambulidwa aja. Koma anthu anayi makhadi 13 aliyense ndi 52, paketi yonse yathera m'manja. Mufunika mapaketi awiri, ndiye alamu anena kuti muphatikize ndi yakale ija ya selotepi. Mukane.